Nkhondo Ikatha, Msilikali Amabwera Nayo Kunyumba

Funsani mnyamata aliyense ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo kuti Rambo ndi ndani, akuyankhani asanaphethire n'komwe: ndi chiphona chomanga kansalu kumutu, chonyamula chimfuti, chimene chimapulula adani mazanamazana chili chokha. Mumufunsenso kuti filimu yoyamba ya Rambo imatha bwanji, muona akukanda mutu. Filimuyo, First Blood ya mu 1982, imatha chiphona chija chitagwa pansi m'nyumba ya apolisi, chikusisima, chikufotokozera mkulu wake wakale za mnzake amene bomba linamukhadzula ku Saigon icho chikuona. Chikudandaula kuti kunkhondo ankachidalira ndi zida za ndalama zankhaninkhani, koma kwawo chikulephera kusunga ngakhale ganyu yoimika magalimoto. M'filimu yonseyo munthu amene timamuona akufa ndi mmodzi basi, wapolisi wogwa mu helikopita.

Chiyambi chakenso sichibisa kanthu. Munthuyu wayenda wapansi mtunda wautali kukaona mnzake womaliza wa gulu lawo la ku Vietnam, n'kukapeza kuti khansa inamutenga kale. Akulowa m'katauni kufuna chakudya, mkulu wa apolisi akumuthamangitsa chifukwa cha maonekedwe. M'chitokosi akumupana kuti amumete ndevu, ndipo atangoona lumo, mutu wake wabwerera kundende ya adani kumene ankamucheka ndi mpeni. Chipwirikiti chonse chikuyambira pamenepo. Iyi ndi nkhani ya munthu wodwala amene anthu akwawo sanamuzindikire. Koma opanga mafilimu ataona kuti ndalama zili pamfuti, yachiwiri ya mu 1985 ndi zinzake zotsatira anazidzaza mitembo, ndipo ndi zimenezo zimene zinakhazikika m'mavidiyo sho athu pamodzi ndi za Chuck Norris ndi Schwarzenegger.

Ine ndikuti tinasankha molakwika. Mafilimu ankhondo amene timawakonda amathera pamene mfuti yasiya kulira, pomwe amene tikuwafunikira ndi oyambira pamenepo, msilikali atatsika basi ndi chikwama chake. Ndipo ngati pali mzinda umene suyenera kuchita mphwayi ndi nkhaniyi, ndi Mzuzu.

Tili ndi baraki ya asilikali ya Moyale pakhomo. Achinyamata ambiri dzinali amalidziwira ku timu ya mpira, koma Moyale ndi tauni ya kumalire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a dziko lino, ali m'gulu la King's African Rifles, analimbana ndi Ataliyana mu Julayi 1940. Zisanafike pamenepo chigawo chino chinali chitalawa kale nkhondo ya eni. Mu Seputembala 1914 Ajeremani ndi Angerezi anawomberana pa Karonga, ndipo manda alipo mpaka lero. Pankhondo imeneyo amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukagwira ya mtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo m'matchire a kumene lero ndi Tanzania ndi Mozambique, ambiri n'kutsala komweko ndi njala ndi matenda. Agogo athu ena anakafika ku Burma mu 1944, ena ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili pachimake. Kuyambira 2013 akhala akusinthana kupita kum'mawa kwa dziko la Congo. Palibe m'badwo umene unakhala wopanda anthu obwera kunkhondo.

Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu pankhondo yolimbana ndi zigawenga za M23. Akufa timadziwa kuwalemekeza, ndipo n'koyenera kutero: bokosi lokutidwa mbendera, lipenga, kuwombera m'mwamba, nkhata za maluwa Lamulungu lachiwiri la Novembala. Koma pamene msilikali akugwa pamakhala anzake. Pamakhala womunyamula, womanga bala limene magazi akukana kuleka, womva mawu ake omaliza. Amenewo amabwera amoyo. Timawalandira ndi nthungululu, timawafunsa za alawansi, kuti agula galimoto yanji, nyumba amanga ku Luwinga kapena ku Katoto. Za tulo tawo palibe amafunsa.

Kudera kumene ndimakhala kuli bambo ena amene anapuma usilikali atapitako ku Congo. Masana ndi munthu wofatsa, amalima masamba kudimba, moni samana aliyense. Usiku wolowa chaka chatsopano, ana atayamba kuphulitsa makombola mumsewu, ndinawaona ataponya mbale imene anali nayo m'manja n'kudzigwetsa chafufumimba m'matope kuseri kwa diramu la madzi, manja ali kumutu. Ana anafa nacho chikhakhali. Iwo anadzuka, osapukuta n'komwe matope, n'kulowa m'nyumba osayang'ana munthu. M'mawa mwake mayi a kunyumbako anandiimitsa pampanda n'kunena motsitsa mawu: "Alamu, muwauze anawa asamawaseke achimwene anuwa. Sagona. Mvula ikalimba pamalata amadzuka n'kukhala pampando moyang'ana kukhomo mpaka kunja kucha. Ndikawakhudza ali m'tulo amandikankha ngati sakundidziwa. Ndikawafunsa amangoti, 'Mayi a ana, zisiyeni.'" Nditafunsa za kuchipatala, anapukusa mutu. "Iwo akuti kumeneko n'kwa amisala, msilikali sapitako."

Vutoli madokotala amalidziwa kalekale. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse Angerezi ankati ndi ubongo wogwedezeka ndi mabomba, ndipo odwala ena ankangowayesa amantha. Asilikali 306 amene anawombedwa ndi anzawo omwe pa milandu ya mantha ndi kuthawa kunkhondo anadzawakhululukira mu 2006, onse ali m'manda. Dzina lakuti PTSD, kutanthauza kuvutika maganizo kumene kumatsalira munthu akadutsa m'zoopsa, linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha zimene anaona pa obwera ku Vietnam. Chimene chimachitika n'chakuti thupi linaphunzira kukhala tcheru kuti lipulumuke, ndiye likukana kukhulupirira kuti ngozi inatha. Chitseko chikamenyetseka, fungo la dizilo kapena la nyama yopserera likamveka, munthu amabwerera pamalo pomwe zinachitikira, mtima n'kuyamba kugunda, thukuta kamukamu. Amalota zoopsa, amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amathawa pagulu. Ena mtima umangouma, mwana wawo yemwe akawakhalira pamwendo osamva kalikonse. Ambiri tulo amakatisaka m'botolo. Si onse obwera kunkhondo amene amadwala, ndipo ochuluka amakhazikika pakapita miyezi. Koma kwa ena zimakhala ngati moto wa pa utuchi ku Chikangawa, pamwamba pooneka pozima pansi pakunyeka, n'kudzabuka patapita zaka, nthawi zambiri munthu atapuma ntchito, anzake a kubaraki atabalalika.

Filimu imene ndingakonde kuti aneba a banja ngati limeneli aione poyamba ndi yakale kwambiri ndipo siikwana ola limodzi. Nkhondo yachiwiri itatha, akuluakulu a asilikali a America anatuma John Huston kukajambula m'chipatala cha Mason General m'chigawo cha New York, ndipo Let There Be Light inamalizidwa mu 1946. Mulibe wochita sewero. Ndi anyamata enieni: wina akunjenjemera, wina wagwidwa chibwibwi chimene sanabadwe nacho, wina miyendo yakana kuyenda pomwe chipolopolo sichinamukhudze, wina waiwala ndi dzina lake lomwe. Eni ake amene anaitanitsa filimuyo ataiona anaitsekera, ndipo anthu sanaione poyera mpaka 1980. Njira zina zochizira zimene zikuoneka mmenemo ndi zachikale, ndipo anyamatawo akuoneka ngati akuchira msanga kuposa mmene zimakhalira. Koma nkhope zawo sizinama. Lero imapezeka pa intaneti mwaulere.

Chaka chomwecho kunatuluka The Best Years of Our Lives ya William Wyler. Kwawo inatchuka mpaka kupata mphoto za Oscar, koma kuno ndani anaionapo? Amuna atatu akubwerera kutauni imodzi. Wina ntchito yake yakubanki ikumudikira, koma wasanduka wa botolo. Wina anali kaputeni woponya mabomba pandege, tsopano akubwebweta usiku ndipo masana akugulitsa zakumwa m'sitolo. Wachitatu wabwera alibe manja, ndipo amene anasewera mbali imeneyi, Harold Russell, anali msilikali weniweni amene manja onse awiri anaduka ndi bomba pamaphunziro mu 1944. Pali malo amodzi amene sindimawaiwala. Mnyamatayu akuitana bwenzi lake kuchipinda kuti lione lokha chimene likufuna kukwatiwa nacho. Akuvula malamba a zingowe zachitsulo zimene zimamugwirira ntchito ya manja, akuziponya pabedi, n'kulifotokozera kuti kuyambira pamenepo sangamange batani la malaya, ndipo chitseko chitati chitsekeke sangachitsegule. Mtsikanayo osathawa, akumumanga mabatani. Kulimba mtima kumene kuli pamenepo sindinakuonepo m'filimu iliyonse ya munthu wowombera helikopita ndi uta.

Koma imene imandigwira pakhosi ndi ya kuno ku Africa. Camp de Thiaroye inatuluka mu 1988, ndipo anaipanga ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene naye anali msilikali wa Afalansa pankhondo yachiwiri, mothandizana ndi Thierno Faty Sow. Ikufotokoza zimene zinachitikadi. Asilikali akuda amene anamenyera nkhondo dziko la France, ambiri atakhalako m'ndende za Ajeremani, anawabweza n'kuwasunga pakampu ya Thiaroye pafupi ndi Dakar. Atafunsa malipiro awo amene anali asanalandire, pa 1 Disembala 1944 asilikali a France anawawombera. Boma la France kwa zaka zambiri linkati anafa ndi 35, akatswiri a mbiri yakale akuti anali ochuluka kuposa pamenepo, ndipo mpaka mu Novembala 2024 ndi pamene mtsogoleri wa dzikolo, Emmanuel Macron, anavomera kuti kunali kupha anthu mwachisawawa. M'filimuyi muli msilikali wina dzina lake Pays. Anapulumuka kundende ya Buchenwald, koma anabwerako wosalankhula. Amangong'ung'udza, chipewa chachitsulo cha Ajeremani sachivula, waya waminga wozungulira kampu amaugwiragwira ndi mantha. Anzake amamukonda koma amamutenga ngati mutu sukuyenda. Usiku womaliza onse atavina, atakhulupirira lonjezo la mkulu wa Afalansa, n'kugona, Pays yekha ndiye ali pansanja. Akuona akasinja akubwera. Akuthamanga kudzutsa anzake, koma iwo akuti ndi zake zija. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo Sembène anajambula zomwezo. Munthu amene timamuseka kuti wasokonekera nthawi zina ndi amene akukumbukira molondola zimene ena tonse tafulumira kuziiwala.

Ina ndi ya pakhomo penipeni. Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, ya mu 2016, ikutsata sitima yonyamuka ku Nampula kulowera kumalire a dziko lino nkhondo ya ku Mozambique ili mkati. Amayi akwera ndi matumba a mchere kuti akasinthanitse ndi shuga ku Malawi. Sitima ikuyenda pang'onopang'ono, njanji akuikonza akupita chifukwa adani aizula, ndipo asilikali operekeza ena ndi oteteza, ena ndi omwe akuzunza amayi amene akuwaperekezawo. Imeneyi ndi njanji yomwe ija anyamata athu ankalondera. Mwana wa msilikali wa nthawi imeneyo, amene bambo ake sanamuuzepo kanthu za ku Nacala, akhoza kuona mmenemo tchire, mantha ndi kudikira kumene bambo akewo anadutsamo.

Wina anena kuti filimu si mankhwala, ndipo akunena zoona. Ndiwonjezerepo: kumukhazika munthu wovulala mumtima patsogolo pa kanema wa mfuti kukhoza kumubwezera kumene akuthawako. Sindikunena kuti tisonkhanitse asilikali opuma m'holo n'kuwaonetsa mitembo. Iwo nkhondo anaiona kale. Amene tikufunika kuphunzira ndi ife: mkazi amene akuganiza kuti mwamuna wake anasiya kumukonda, mwana amene akuona ngati bambo ake ndi ankhanza chibadwire, m'busa amene akuthamangira kutulutsa ziwanda, ana a mumsewu amene akuseka munthu wagwa m'matope. Munthu amene waonapo Pays kapena anyamata a ku Mason General sangasekenso chimodzimodzi.

Winanso anena kuti nkhani zotere zimafooketsa asilikali, kuti mwamuna salira, ndiye msilikali angalire bwanji? Maganizo amenewa ndi omwe anatsekera filimu ya Huston zaka zoposa 30, ndipo sanachiritse munthu ndi mmodzi yemwe. Msilikali wosagona, wodalira kachasu kuti atseke maso, wokhala ndi mfuti pafupi, ndiye woopsa kwa iye mwini, kwa banja lake ndi kwa anzake pantchito. Gulu lankhondo limene limayeza maganizo a anthu ake akabwera kunkhondo, n'kuwayezanso pakapita miyezi, mwachinsinsi, popanda kuopseza kuti wodandaula sakwezedwa udindo, ndi limene lili lamphamvu.

Nanga mwini vidiyo sho, amene akufuna timakobiri ta anyamata okonda zibakera? Iyeyo sindimupempha kuti ataye bizinesi. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ali ndi luso lodabwitsa, ndipo ndi iwo amene amasankha chimene omvera amve. Akafika pamalo pamene Rambo akulira, amasulire zimene akunenazo mokhulupirika, asapaphimbe ndi nthabwala. Sembène ndi Azevedo akhoza kumveka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe amamvekera Stallone, wosewera Rambo uja. Masukulu a sekondale, magulu a achinyamata kumipingo ndi magulu a amayi a kubaraki ali ndi maholo ndi ma TV. Chosowa ndi munthu woyambitsa.

Kuonera kukatha pafunike kolowera, ndipo apa Mzuzu ndi wamwayi kuposa madera ambiri. Anthu a m'maboma ena chithandizo cha matenda a maganizo amachiganizira ku Zomba, kutali. Ife chipatala cha St John of God tili nacho mumzinda momwe muno, chili ndi aphungu ndi anamwino ophunzira ntchito imeneyi, ndipo munthu akhoza kukaonana nawo n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Chithandizo chimene chimagwira ntchito kwambiri pa vutoli ndi kukambirana ndi mphungu wodziwa, pang'onopang'ono, mpaka zokumbukira zija zisiye kumugwira munthu pakhosi. Mankhwala amathandizira tulo ndi nkhawa. Pemphero lili ndi malo ake, ndipo abusa a asilikali amafika pamene dokotala safika, koma m'busa wanzeru amapemphera kenako n'kumuperekeza munthu kwa mphungu.

Makolo athunso sanali osadziwa. Amuna obwera kunkhondo yoyamba anatenga perete wa azungu, mayunifolomu, maudindo ndi malipenga, n'kuzisandutsa gule. Malipenga amene timaonera ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi ku Rumphi anachokera kumeneko. Ine ndikaona madoda atavala zoyera akuponda mwadongosolo, zikho zikulira, ndimaona anthu amene anapeza njira yosenzera limodzi zimene anaona, poyera, mudzi wonse ukuwombera m'manja. Ku Mozambique nkhondo itatha mu 1992, mabanja ambiri sankamulowetsa m'nyumba wobwera kunkhondo asanamusambitse ndi mankhwala azitsamba, zovala zake zakutchire n'kuziwotcha. Katswiri wa chikhalidwe Alcinda Honwana analemba zambiri za miyambo imeneyi. Munthu akhoza kutsutsa zitsambazo, koma mudzi unkavomereza poyera kuti mwana wathuyu wabwera ndi katundu wolemera ndipo kumutula ndi ntchito ya tonse. Ife a m'tauni mwambo tinausiya, kuchipatala tikuchita nako manyazi, ndiye munthu watsala yekha ndi mkazi wake.

Ndipo tisanamizane kuti mtima ungachire m'mimba muli njala. A ku Thiaroye anafera malipiro. Dziko la France linaimitsa kukwera kwa penshoni za asilikali a m'maiko amene linkawalamulira kuyambira 1959, ndipo nkhalamba za ku Algeria, Morocco ndi Senegal zinkalandira kachigawo kochepa ka zimene anzawo achizungu ankalandira. Mu 2006 kutatuluka filimu ya Rachid Bouchareb yotchedwa Indigènes, yonena za asilikali a kumpoto kwa Africa amene anamenyera France, boma la Jacques Chirac linalengeza chaka chomwecho kuti likweza penshonizo. Filimu siichiza munthu, koma apa inachititsa manyazi boma mpaka linatsegula thumba.

N'chifukwa chake chimandiwawa kuti nkhani zathu tikuzisiya zipite kumanda osazijambula. Amene anapita ku Burma zaka zawo zafika cha m'ma 100, a ku Malaya ali cha m'ma 90, a ku Nacala imvi zayamba kale. Bungwe la asilikali opuma la VELOM limadziwa kumene ambiri akukhala. Ophunzira a pa Mzuni ndi achinyamata ojambula nyimbo mumzinda muno ali ndi makamera ndi mafoni okwanira ntchitoyi. Apite ndi ulemu, atapempha chilolezo, ndipo ngati n'kotheka atenge mphungu. Asakafunse kuti munapha angati. Akafunse za tsiku lobwerera: anakuchingamirani ndani padepoti, usiku woyamba munagona bwanji, ndi liti pamene munayambanso kuseka, anakuthandizani ndani. Akafunsenso amayi ndi ana, chifukwa theka la nkhaniyi lili ndi iwo. Wokana kulankhula amusiye, asamukakamize. Ndipo filimuyo ikadzatha, oyamba kuiona akhale eni nkhaniwo, anene zofunika kuchotsa isanapite pagulu.